Ngolo Yotsikira ku Meponda

Ntchito ya ku Lichinga, ku Mozambique, ndinaipeza kudzera mwa mnzanga amene tinkaphunzira naye za umakaniko ku koleji. Iye anakhalako miyezi yowerengeka, kuzizira kunamugonjetsa, ndipo pobwerera anandisiyira malo akewo. Nthawi imeneyo n'kuti nditangokwatira kumene. Satifiketi yanga inali m'sutikesi pansi pa bedi kwa Ulongwe, kumudzi kwa mkazi wanga Tiyamike, ine ndikukonza njinga zamoto pamsika. Tiyamike sanandiletse. Anangofunsa ngati kumene ndinkapitako kunali kutali kuposa ku Lilongwe. Nditamuuza kuti ukadutsira pa Chiponde ndi ulendo wa tsiku limodzi, anaseka n'kunena kuti kumeneko si kunja, ndi kuseri kwa nyumba chabe.

Kampaniyo inali yaing'ono. Inkabwereketsa ndi kukaika makina: majenereta, mapampu a madzi, makina osakanizira simenti. Mwini wake tinkamutchula kuti patarawu, monga amatchulira mabwana kumeneko. Mapasipoti a ife obwera ankakhala m'dirowa ya tebulo lake. Ankati akutikonzera mapepala a ntchito, ndipo kwa zaka zitatu zimene ndinakhalako mapepalawo anali akukonzedwabe.

Tinkagona amuna asanu ndi mmodzi m'nyumba ya zipinda ziwiri m'dera la Namakula. Mawindo ake analibe magalasi, tinatsekamo makatoni. Munthu wobadwira kotentha ngati ine sadziwa kuti kuzizira kumatha kulowa m'mano. M'mawa madzi a mumgolo ankaluma zala, sipanala ukaigwira inkakhala ngati ikukukana. Tinkadya nyemba ndi mbatatesi tsiku ndi tsiku, poti n'zimene nthaka ya kumeneko imabereka mosaumira, mpaka mmodzi wa ife analumbira kuti akadzabwerera kwawo sadzalola nyemba kudutsa pakhomo pake ngakhale ili m'thumba la mlendo.

Kumudzi ndinkapita kawiri pachaka. Zimene ndinkatumiza Tiyamike anazisandutsa njerwa, kenako malata. Nyumbayo anaimangitsa yekha pamalo a amayi ake, monga mwa mwambo wa kwawoko, ndipo ankanditumizira zithunzi pafoni: khoma likufika pawindo, khoma likufika pamwamba pa chitseko, iye ataima pakhomo atagwira m'chiuno ngati kapitawo. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, iye kwake ine kwanga, tinkalankhulana mpaka foni itatentha khutu. M'chaka chachitatu anandiuza kuti ali ndi pakati. Anali mwana wathu woyamba.

Mnzanga weniweni kumeneko anali a Saide, dalaivala wamkulu wa pakampani. Anabadwira kufupi ndi Lichinga, koma nkhondo inawathamangitsira ku Malawi ali mwana, ndipo anakulira cha ku Namwera asanabwerere kwawo. Chichewa chawo chinali cha anthu akale, chosakanikirana ndi Chiyao komanso manambala a Chipwitikizi. Ankakhala m'dera la Lulimile ndi akazi awo ndi ana asanu. Ndi amene anandiphunzitsa kulankhula ndi apolisi a pamsewu popanda kuoneka wamantha kapena wamwano, ndipo pa Idi ankabwera kudzanditenga kuti ndikadye mpunga kwawo, akuti Mkhristu wosadya bwino amachititsa manyazi Yesu wake. Ankanditchula kuti Mesitiri, kutanthauza mmisiri, theka mwaulemu theka mondiseka. Ankati ine galimoto ndimaiwerenga ngati nyuzipepala, pamene iwo amaimvera m'chiuno.

Sankanama. Ntchito yanga yambiri inali yokoka makina pangolo ndi pikapu, ndipo ndinkayamba ndi kuwerenga. Galimoto iliyonse ili ndi malire a zimene inganyamule ndi zimene ingakoke, olembedwa pakachitsulo kokhomedwa pafupi ndi chitseko komanso m'kabuku kake. Malire a zokoka ndi awiri: wina ngolo ikakhala ndi mabuleki akeake, wina ikakhala yopanda. Pikapu yathu inkaloledwa matani awiri ndi theka ngolo ikakhala ndi mabuleki, koma makilogalamu 750 okha ikakhala yopanda. Anthu ambiri amaona ngati funso ndi loti kodi galimoto ikoka. Pamalo athyathyathya pikapu imakoka chilichonse. Funso ndi loti ikafuna kuima, chimene chili kumbuyocho chivomera kodi? Ndinkaonetsetsanso kuti cholemera chakhala pamwamba pa matayala a ngolo, chopendekera kutsogolo pang'ono, chifukwa chikakhala kumbuyo ngolo imayamba kugwedeza mchira ndipo imatenga galimoto yonse kupita nayo kumene yafuna. Patarawu sankazikonda zimenezi. Ankati amandilipira kuti ndiziyendetsa galimoto, osati ndizilalikira.

A Saide anali ndi njira yawo, imene madalaivala ambiri a kumeneko ankaidalira. Akafika pamtsetse ndi ngolo yopanda mabuleki, ankamanga chipika chachikulu kumbuyo kwa ngoloyo ndi tcheni kuti chizikhokhoma pansi. Chipikacho chinkalima msewu, fumbi lofiira tolo, ndipo ngolo inkatsika mwaulesi. Ndinaionapo njirayo ikugwira ntchito ndi makina osakanizira simenti. Sindinanenepo kuti ndi yopusa. Ndinkangonena kuti chipika sichilembedwa malire ake.

Linali Lolemba, m'nyengo yozizira, pamene mlamu wanga, mng'ono wake wa Tiyamike, anandiimbira. Anati apita naye Tiyamike kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kumudzi, mapazi atupa, mutu ukumupweteka, koma si zodetsa nkhawa. Pakati panali pa miyezi isanu ndi itatu. Ndikudziwa mmene timalankhulira ndi munthu amene ali kutali, timachepetsa nkhani kuti asagwe panjira. Choncho ndinapita kwa patarawu nthawi yomweyo.

Anandimvetsera akulemba zina. Kenako anati jenereta ya wamalonda wina wa nsomba iyenera kukafika ku Meponda, inachedwa kale, lole yathu inali kutali ndi ntchito ina, ndiye itsike ndi pikapu. Ikakafika, ndidzatenge pasipoti yanga ndizipita. Ndani aitsitse, zimenezo sizinkamukhudza.

Ndinapita kukaiona jeneretayo pangolo yake kuseri kwa shedi. Ndinapukuta kachitsulo kake n'kuwerenga. Jenereta ndi ngolo pamodzi zinkapitirira matani awiri, osawerengera thanki ya mafuta, mabatire ndi zingwe zamagetsi. Ndinalowa pansi pa ngolo. Waya wa mabuleki unali woduka, nsonga zake zitachita dzimbiri, kusonyeza kuti unaduka kalekale. Nditachotsa tayala limodzi ndinapeza zogwirira za m'kati zitatha mpaka pachitsulo. Ngoloyo inalibe mabuleki, ndipo katundu wake ankaposa malire a pikapu pafupifupi katatu. Msewu wa ku Meponda umachoka pamwamba pa mapiri n'kutsikira kunyanja, ndi wafumbi, wokhotakhota, ndipo m'malo ena kumbali kulibe chilichonse koma mpweya.

A Saide anandipeza ndidakali chogona pansi pa ngolo. Nkhani yanga anali ataimva kale. Anagwada n'kusuzumira.

"Mesitiri, tulukani uko. Pitani kwa akazi anu, mlamu wangayo. Ine ndiitsitsa mawa, chipika ndili nacho."

"Chipika sichingagwire matani awiri pamalo aja okhota pamwamba pa chigwa."

"Chagwira zaka zambiri inu musanamere ndevu."

"Sichinagwirepo ichi, achimwene. Tcheni ikaduka, ana anu asanu ndidzawauza chiyani?"

"Mudzawauza kuti Mulungu analemba choncho," anatero, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga inu akazi anu mukawauza chiyani?"

Ndiyenera kunena zoona pa nkhani ya pasipoti. Sinali chifukwa chondikhalitsa. Pamalire pali njira za m'tchire zimene a njinga zamoto amadziwa, ndipo a Saide anandiuza dzina la munthu amene akanandidutsitsa. Chinandikhalitsa chinali chakuti ndikanangochoka, mawa lake m'mawa a Saide akanamanga chipika chawo n'kunyamuka. Patarawu akanawatuma, iwo sakanakana, ndipo akanachita zimenezo akuganiza kuti akundithandiza. Ndinawerengera masiku. Lachiwiri kukonza mabuleki, Lachitatu kutsitsa jenereta, Lachinayi ndili kwa Ulongwe. Ndikanyamuka pompo ndikanafika Lachiwiri. Kusiyana kwake kunali masiku awiri.

Madzulo a tsikulo ndinalankhula ndi Tiyamike. Mawu ake anali olemera koma ankaseka. Anati mapazi ake afanana ndi mitondo, ndipo akatseka maso akuona tinyenyezi. Ndinamufotokozera za ngolo, za mtsetse, za a Saide. Kenako anandifunsa:

"Ana ali nawo angati bambo amenewo?"

"Asanu."

"Ndiye konzani ngoloyo. Ine sindikuthawa."

Mawu amenewa sindinauzepo wachibale wake aliyense, chifukwa zikanaoneka ngati ndikubisala kumbuyo kwa munthu amene sangadziyankhire. Komanso ndikudziwa mmene ndinaifotokozera nkhaniyo. Ndinaiyala bwinobwino, manambala onse m'malo mwake, moti munthu wa mtima ngati wake analibe yankho lina loti apereke. Sindinamufunse ngati akuchita mantha.

Lachiwiri lonse ndinazungulira tauni. M'masitolo a zitsulo munalibe zogwirira za ngolo ya mtundu umenewo. Wina anati zichokere ku Nampula, sabata imodzi. A Saide anandiperekeza kwa mkulu wina ku Lulimile amene ankakhomerera zikopa zatsopano pa zogwirira zakale, ndipo ndinakhala pambali pake ndikumuyang'ana akukhoma msomali umodziumodzi, akupumira kuti asute fodya, akufunsa za mitengo ya zinthu ku Malawi. Waya ndinaupeza pa ngolo ina yakufa pamsika wa zitsulo zakale. Ndinamanga zonse dzuwa likulowa, n'kuyesa pabwalo la kampani kasanu konse. Kenako tinatsitsa thanki ya mafuta, mabatire ndi zingwe kuti zidzapite pa ulendo wina, jenereta ndi ngolo zitsale m'kati mwa malire. Ndinaimba kumudzi. Mlamu anati Tiyamike wagona, asamudzutse. Ndinavomera.

Lachitatu tinanyamuka kukucha, a Saide ali pambali panga. Titayamba kutsetsereka ndinaika giya yaing'ono n'kulola injini kuti izigwira yokha. Tinkayenda ngati maliro, moti amayi osenza nkhuni ankatiyang'ana modabwa. Pakapita kamtunda ndinkaima, kutsika, n'kuyandikiza kuseri kwa dzanja pa matayala onse kuti ndimve kutentha. Akatentha tinkadikira. Foni inasiya kugwira titangolowa m'mapiri. Tinafika pamalo aja okhota pamwamba pa chigwa, ndinaponda buleki pang'onopang'ono, ndipo ndinamva ngolo ikugwira kumbuyo mofatsa ngati ng'ombe yozolowera goli. Tinakhota. Palibe chinachitika. Ulendo wonsewo palibe chimene chinachitika.

Ku Meponda tinafika masana, fungo la nsomba zoyanikidwa pamathandala litadzaza paliponse. Wamalonda uja anatilandira ndi madandaulo akuti tachedwa, kenako atamva kuti thanki ndi mabatire zibwera mawa anayamba kutukwana m'Chipwitikizi. Tinamasula ngolo. A Saide anaizungulira, anagwira tayala limodzi n'kuchotsa dzanja msanga. Anati mwina chipika chikanaduka, mwinanso ayi, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Anali munthu wosanama ngakhale pofuna kutonthoza mnzake.

Pokwera, titatsala pang'ono kutuluka m'mapiri, foni inayamba kulira m'thumba mosalekeza, mauthenga akulowa motsatizana. Ndinaima pambali pa msewu n'kuimba. Mlamu anayankha.

"Alamu, matenda akula. Nyamukani."

Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka amayi ambiri, ndipo sikunali kulankhula. Sindinafunse chilichonse. Munthu wa paulendo sauzidwa maliro, ndipo amene ali paulendoyo amadziwa kuti sayenera kukakamiza mnzake kuti anene. A Saide anatsika, anazungulira galimoto n'kunditsegulira chitseko kuti tisinthane mipando.

Patarawu anatsegula dirowa osachedwa. Anandipatsa pasipoti ndi manja awiri, ananena mawu achisoni, n'kufunsa kuti ndidzabwerako liti, chifukwa panali pampu yoti ipite ku Sanga. Pamalire n'kuti patatsala pang'ono kutsekedwa, ndiye tinadikira kuti kuche. Mbandakucha a Saide anatenga pikapu osapempha kwa munthu n'kundipititsa kumalire ku Mandimba. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali akunong'ona pemphero la kwawo. Sanandithokoze, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Ndinafika kwa Ulongwe dzuwa litapendeka. Achibale anali atandidikira mpaka pamene akanatha, koma bokosi ndinalipeza atalikhomera kale. Mwana anapita limodzi ndi mayi ake. Anandiuza kuti zinachitika Lachitatu chakum'mawa dzuwa litakwera. Pambuyo pake ndinayesa kulingalira kuti pa ola limenelo ndinali pati pamsewu uja, ndipo sindikanayenera kutero.

Zina ndinazimva patapita masiku, osati kwa munthu mmodzi. Lachiwiri a kuchipatala chija ananena kuti ndi bwino apite naye kuchipatala chachikulu. Achibale anakambirana. Tiyamike mwiniwake anati akumvako bwino, ndipo ena anati adikire mwamuna wake, ali pafupi, afika nthawi ina iliyonse, ndi amene adziwe zochita. Akuti tsiku limenelo galimoto ikaima kumsewu ankafunsa ngati ndi ine. Sindikudziwa ngati kufika kwanga kukanasintha kanthu. Madokotala amene ndawafunsa amayankha mozungulira. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanaona nkhope yake ndikanakakamira kuti tinyamuke tsiku lomwelo. Kukakamira ndimakudziwa.

Apongozi anga aakazi, amene kale ankati ndikafika amathamangitsa nkhuku, sanandinenepo mawu oipa. Anangosiya kulankhula nane mwachindunji. Akafuna kundiuza kuti madzi osamba ali kubafa ankauza mlamu, ine ndili pomwepo. Mlamuyo anayamba kugona m'chipinda china cha nyumba ija kuti ndisakhale ndekha, ndipo pang'onopang'ono katundu wake anachuluka. Anthu a m'mudzi ankandipepesa mwaulemu, koma ndikadutsa ndinkamva nkhani ikutsika mawu. Ena ankati ndinali ndi mkazi wina ku Mozambique. Ndinaona kuti bodza limenelo ankalimvetsa mosavuta kuposa zoona zake.

Ku Lichinga sindinabwererekonso. Panopa ndimagwira ntchito pa galaja ina ku Blantyre, ndipo anyamata akandibweretsera ngolo ndimalowabe pansi pake ndisanalole kuti ichoke. A Saide amandiimbira pa Idi. Amandiuza za ana awo mmodzimmodzi, amene wakhoza mayeso, amene wayamba kuvuta, ine n'kumamvetsera. Sindiwafunira choipa ana amenewo. Koma pali masiku amene foni ikalira n'kuona dzina lawo ndimaisiya ilire.

Tsiku limene limandibwerera kawirikawiri ndi la kusudzula, pamene akuchikazi amamasula mkamwini kuti azipita kwawo. Tinakhala pakhonde la nyumba ija. Kumbali yanga kunali ankhoswe anga, kumbali yawo amalume ake a Tiyamike, bambo wofatsa amene amasoka zovala pamsika. Apongozi anakhala pamkeka chapatali atayang'ana kumbali. Amalumewo anayamba ndi kuyamikira kuti ndinali mkamwini wosamwa, wosamenya, wodziwa kusamala pakhomo. Kenako anati pali funso limodzi limene mlongo wawo wakhala nalo pamtima, ndipo ndi bwino lifunsidwe tisanasiyane. Anandiimbira Lolemba. Ndinafika Lachinayi. Chinandichedwetsa n'chiyani?

Ndinawauza zonse kupatulapo mawu a Tiyamike. Ndinafotokoza za jenereta, za waya woduka, za malire a pikapu, za mtsetse, za chipika, za a Saide. Ndinkadzimva ndekha ndikutchula makilogalamu pakhonde limenelo, ndipo sindinathe kusiya. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Bambo amenewo ndi achibale anu?"

"Ayi, amalume. Tinkangogwira ntchito limodzi."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuyeza nsalu ndi maso.

"Nanga jeneretayo inafika bwino?"

"Inafika bwino."

"Tathokoza," anatero.

Kenako anatembenukira kwa ankhoswe anga n'kuyamba nkhani ya makiyi a nyumba.